Machila ndi Maliro a Munthu Wamoyo

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KALABU YA OSEWERA CHIGWA, BEREA, JOHANNESBURG

Tsiku: Lamulungu, 18 Meyi 2025
Malo: Kachipinda ka kuseri kwa holo yopemphereramo, Berea

Opezeka:
Bambo Elia Kachingwe, Wapampando
Mayi Rute Kalilombe, Wosunga laputopu
Bambo Comfort Chimbalanga, Mlangizi wa nkhondo
Bambo Chikondwero Nkhwazi, Wofalitsa mauthenga
Bambo Majidu Mbwana, Membala
Tisungane Lipenga, Mlembi

Opepesa: Mayi Cynthia Mwalwanda (abwana awo ali ndi alendo)
Osabwera, osapepesanso: Bambo Frazer Dzimbiri

1. KUTSEGULA

1.1 Msonkhano unayamba 2:40 masana m'malo mwa 2 koloko, chifukwa a mpingo wa m'mawa anachedwa kutuluka. Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi, nakumbutsa onse kuti mipando ndi yobwereka ndipo a kwaya ya madzulo aifuna.

1.2 Mlembi anaitana mayina. Atafika pa dzina la a Majidu, wina anaseka. Mlembi sanamuone, koma kasekedwe kake akukadziwa.

1.3 A Majidu anapempha kuti nkhani yawo ikambidwe poyamba. Anati amayi awo, omwe ali ku Ntaja, awalamula kuti abwerere kumudzi mwezi uno usanathe. Anati akapita ntchito yawo ya zomangamanga yatha, poti kapitawo sasungira munthu malo, ndipo mapepala awo sangawalolenso kulowa Joni mosavuta. Anati chomwe akufuna kwa komiti n'chimodzi: ilankhule ndi amayiwo pa foni, iwakhazike mtima pansi, kuti iwo asapite.

1.4 Wapampando anati ndondomeko ndi ndondomeko, ndipo nkhani ya a Majidu ili pa nambala 4. A Majidu anakakhala pafupi ndi khomo, osavula chipewa, foni ili m'manja.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

2.1 Mayi Rute anapempha kuti mawu oti "laputopu inagwa" asinthidwe akhale "laputopu inagwetsedwa". Panalibe wotsutsa, panalibenso wovomera kuti anaigwetsa. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. GAWO LOWONJEZERA LA GEMU (MACHILA)

3.1 Pothandiza amene adzawerenge izi asakudziwa gemu yathu, Mlembi akufotokoza. Dzina lake lenileni ndi lachingerezi, ife timangoti Chigwa. Inapangidwa ndi kagulu ka anthu atatu okha, osati kampani yaikulu. Ndi ya nkhondo, koma yosathamanga: asilikali amasuntha mosinthana ndi adani, bokosi ndi bokosi, ngati pa drafti. Msilikali akafa wafa, sadzukanso. M'kalabu muno timamenya nkhondo imodzi pa laputopu imodzi, msilikali aliyense ali ndi dzina la membala wake, ndipo utsogoleri timasinthana Lamulungu lililonse.

3.2 Mayi Rute anadziwitsa komiti kuti opanga gemu atulutsa gawo lowonjezera, lomwe mamembala alipatsa kale dzina loti Machila. M'gawoli asilikali awiri angathe kutula zida n'kunyamula mnzawo wakugwa kupita naye kumsasa. Ngati ali ndi mpweya amachira. Ngati wafa amaikidwa m'manda kwawo. Gawoli limalolanso kubwerera kumene kunamenyedwa nkhondo zakale kukatenga amene anasiyidwa. Funso linali loti kalabu ilandire gawoli kapena ayi.

3.3 A Comfort, omwe akuphunzira masamu ku yunivesite, anatsutsa, ndipo anatsutsa nthawi yaitali. Anati kukoma kwa Chigwa ndi mantha. Anati munthu amaganiza kawiri asanasunthe msilikali chifukwa akudziwa kuti akalakwitsa palibe kubweza. Anapempha kuti mawu awa alembedwe monga anawanenera: "Mukachotsa mantha mwachotsa gemu. Manje aliyense azingothamangira kutsogolo podziwa kuti anyamulidwa. Imeneyo si tactics, anzanga, ndi ambulansi."

3.4 Mayi Rute anati iwo gawoli analiseweradi pa foni ya kasitomala ku saluni, pomwe a Comfort angoliwerenga. Anati silifewetsa gemu, limailimbitsa, chifukwa ukanyamula mmodzi watayanso manja anayi, ndipo onyamulawo amayenda pang'onopang'ono mivi ikuwagwera. Anawonjezera kuti atopa ndi dambo lomwe lija, nyimbo yomwe ija, ndi mfumu ya adani yomwe imanena mawu omwe aja isanafe. Anati gawo latsopanoli lili ndi mapiri ndi chisanu, ndipo ngakhale chisanucho tili nacho kale kuno kwaulere, m'maso mwasinthako.

3.5 A Chikondwero anangoti zilembo za m'gawo latsopanoli ndi zazing'ono kwambiri, ndiponso oponya mivi awafooketsa. Mlembi akuona kuti m'mbiri ya komiti ino aka n'koyamba a Chikondwero kumaliza kulankhula asanauzidwe.

3.6 Wapampando anati awerenga maganizo a osewera a m'maiko ena pa intaneti. Anati ena akuti Machila ndi chinthu chomwe chinayenera kukhalamo kuyambira pachiyambi, ena akuti opangawo agonjera olira. Anati iwo ali kumbali ya a Comfort, chifukwa mtsogoleri wabwino ndi amene amadziwa woti amusiye.

3.7 Apa a Majidu anaimirira, nakhalanso. Foni yawo inalira, anatuluka, ndipo pobwera anati mlongo wawo Najma akuti amayi ali pamsika, atsala pang'ono kulongedza tomato wawo, ndipo akangofika kunyumba netiweki kulibe. Wapampando anati amva. A Comfort anayamba kufotokoza za kuchuluka kwa mwayi woti muvi ulase munthu woima paphiri.

3.8 Mayi wina wa kwaya analowa n'kutenga mipando iwiri, umodzi wopanda munthu ndi wina wa a Chikondwero, omwe anaupereka okha. A Majidu anati: "Abambo Wapampando, ine teksi ya ku Diepsloot siyindidikira, amayi anganso sandidikira. Mivi yanuyo mawa ilipo." Wapampando anaimitsa nkhani ya Machila osavotera.

4. UTHENGA WA MALIRO

4.1 Wapampando anakumbutsa komiti za chizolowezi cha kalabu. Msilikali akafa, Wofalitsa mauthenga amalemba uthenga wa maliro pa gulupu yathu ya WhatsApp, wathunthu, wofanana ndi mauthenga enieni omwe tonse timalandira kuchokera kumudzi ndi kuno komwe, ndipo mamembala amayankha ndi mapepeso ndi zithunzi za makandulo. Zinayamba ngati nthabwala. Mlembi anazitsutsa pa nthawiyo ndipo anauzidwa kuti sadziwa kuseka.

4.2 Lamulungu lapitali nkhondo inali pa mlatho wa m'gemu, wotsogolera anali Wapampando. Msilikali wa a Majidu, yemwe ndi wachishango, anaikidwa pakamwa pa mlathowo kutchinga adani mpaka anzake onse atawoloka. Anagwa pomwepo. Eni dzina kunalibe. Anali pa ganyu, ndipo foni yawo inali yozima poti kudera lawo ku Diepsloot kunalibe magetsi.

4.3 Wapampando anapempha a Chikondwero kuti awerenge uthenga womwe analemba. Anawerenga chamumtima, ndipo anauzidwa kuti akweze mawu. Uthengawo unali wotere: "Ndi chisoni chachikulu tikudziwitsa abale ndi alongo kuti m'bale wathu Majidu Mbwana watisiya madzulo ano pa mlatho. Anaima yekha kuti anzake awoloke. Thupi latsala kutsidya, sitinathe kulinyamula. Za mwambo wa maliro tikudziwitsani."

4.4 A Chikondwero, omwe amagwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga yamoto, anati uthengawo anautumiza ataima pa maloboti. Anati m'malo mwa gulupu ya kalabu, unapita pa gulupu ya anthu a ku Machinga okhala ku Joni, momwe iwonso alimo, poti magulupu awiriwa ali ndi chithunzi chimodzi cha mbendera. Anati anazindikira atafika kwa kasitomala, koma pamene amaufufuta n'kuti utawoloka kale malire.

4.5 Mlembi sakufunika kufotokozera Mmalawi wa ku Joni kuti mawu oti "pa mlatho" amatanthauza malo amodzi okha, pa Beitbridge. Palibe anafunsa kuti mlatho uti. Palibenso anadabwa kuti thupi latsala kutsidya, chifukwa aliyense pa gulupu imeneyo akudziwa banja lomwe linamvapo mawu amenewa.

4.6 A Majidu anafotokoza zomwe zinachitika kwawo. Anati anthu anasonkhana pakhomo pa amayi awo, mphasa zinayalidwa, nkhuni zinabwera, ashehe anafika. Akazi a a Majidu ananyamuka kwawo ku Nselema ndi ana. Anthu anagona pa maliro. A Majidu anadziwa m'mawa mwake atatchaja foni ku ntchito, n'kupeza mapepeso a imfa yawo yomwe. Anati ataimba, amayi anamva mawu awo n'kudula foni. Najma ataimbanso pa vidiyo, amayi anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti waonda. Kuyambira tsiku limenelo amayiwo akudya movutikira, ndipo mawu awo ndi amodzi: abwere ndimugwire ndi manja. A Majidu anati papita zaka zisanu ndi ziwiri asanapondeko kumudzi.

4.7 A Chikondwero anafuna kugwada. Anati: "Achimwene, eish, ndinalakwa. Chala chinaterereka." A Majidu anawagwira paphewa nati madzi akatayika saoleka, ndipo iwo sanabwere kuchokera ku Diepsloot kudzaonerera munthu akugwada.

4.8 Chigamulo: mauthenga a maliro a asilikali athetsedwa kuyambira lero. Chithunzi cha gulupu chisinthidwe. Onse anavomereza.

5. KULANKHULA NDI AMAYI A A MAJIDU

5.1 Komiti inagwirizana kuti alankhule ndi Wapampando yekha, mwachidule: apepese, afotokoze kuti zinali za masewera, ndi kutsimikizira amayiwo kuti mwana wawo ali bwino ndipo ali pakati pa anzake. A Majidu anaimba, naika foni pa tebulo kuti onse amve. Anayankha Najma, napereka foni kwa amayi, Abiti Jafali. Kumbali yawo kunkamveka phokoso la msika, kumbali yathu kwaya inali itayamba kuyesa ng'oma kuseri kwa khoma. Mlembi walemba zomwe anatha kumva.

5.2 Wapampando anapereka moni, nadzitchula dzina ndi udindo. Amayi anafunsa kuti ndi wapampando wa chiyani. Wapampando anati wa kalabu ya masewera. Amayi anafunsa ngati ndi mpira. Wapampando anati ayi, ndi nkhondo ya zidole za pa kanema, zomwe timazipatsa mayina athu. Amayi anafunsa ngati Wapampando ali ndi ana. Wapampando anati ali nawo atatu. Amayi anati, "Oho."

5.3 Wapampando anapepesa m'malo mwa kalabu yonse, ndipo anapepesa bwino. Amayi anati amva, ndipo mwana amene analemba uthengawo asadzidye mtima, foni zimasocheretsa ndi akulu omwe. Apa a Majidu anavula chipewa. Mlembi akukhulupirira kuti foni ikanadulidwa pamenepa nkhani ikanatha.

5.4 Amayi anapitiriza. Anati: "Uthenga uja Najma anandiwerengera mpaka ndinauloweza. Pali mawu amodzi akundisowetsa tulo. Munati simunathe kumunyamula. Chidolecho, chomwe munachitcha Majidu. Simunathe, kapena simunafune?"

5.5 Wapampando anakhosomola. Anati msilikaliyo atagwa sanafe nthawi yomweyo, ndipo wamankhwala akanatha kubwerera kukamumanga mabala, koma zinthu zinali zovuta. Amayi anafunsa kuti zovuta bwanji.

5.6 Apa a Comfort, omwe sanapatsidwe mpata, anasendera pa foni. A Majidu anawakodola ndi dzanja kuti akhale chete, koma iwo sanaone, kapena anaona. Anati: "Amayi, ndine Comfort, ndinalangiza ndine. Tinaziona bwinobwino. Tikanabwerera tikanataya atatu pofuna kupulumutsa mmodzi, ndiponso mwayi woti apulumuke unali wochepa. Chishango ntchito yake ndi imeneyo basi. It was the right move."

5.7 Amayi anapempha Najma kuti awamasulire mawu omalizawo. Atamasuliridwa anati: "Ndiye kuti munakhala pansi n'kuwerengera." A Comfort anati inde, gemu yake ndi yowerengera. Amayi anafunsa ngati panali wina amene anati tiyeni tibwerere. Wapampando, poti ndi munthu wosanama, anati panalibe.

5.8 A Majidu anatenga foni kuona ngati yaduka. Kenaka amayi anati: "Zikomo pondiuza zoona, abambo. Majidu, ukundimva? Ine ndimayesa anzako ndi opusa chabe, anthu a ndevu oseweretsa maliro. Opusa ndikanakusiya nawo. Koma awa ndi ochenjera. Ubwere."

5.9 A Majidu analankhula nawo m'Chiyao, mofulumira, ndipo Mlembi sanamve zonse. Anamva mawu oti ntchito, ana ndi sukulu. Wapampando analowererapo nati amayi asafanizire masewera ndi moyo, chifukwa pa moyo weniweni sitingachite zotero. Amayi anati: "Chabwino. Mwana wangayo amakwera pamwamba pa nyumba za eni tsiku ndi tsiku. Tsiku lomwe adzagwe, mwa inu muli pamenepo, adzamubweretse kuno ndani? Nditchulireni dzina, ndilisunge."

5.10 Mlembi akudziwa, ndipo onse akudziwa, kuti m'chipindamo munalibe yemwe akanatha kusiya ntchito n'kuperekeza bokosi mpaka ku Ntaja ndi chitsimikizo choti abwereranso. Aliyense ankadikira kuti ayambe mnzake. Kwaya inayamba nyimbo. Amayi anati tomato akuwadikira, natsanzika mwaulemu, n'kudula foni. Funso lawo silinayankhidwe, ndipo lalembedwa monga linafunsidwira.

6. KUBWERERA KU NKHANI YA MACHILA

6.1 Wapampando anati ndi bwino kumaliza zomwe zinatsala. Mawu awo anali otsika. Mayi Rute anapereka ganizo loti kalabu ilandire gawo latsopanoli, a Chikondwero anavomereza.

6.2 A Comfort anapempha kuti zilembedwe kuti pa masamu sanalakwe. Zalembedwa. Anapemphanso kuti zilembedwe kuti maganizo awo pa gemu sanasinthe, Machila aifewetsa ndithu. Zalembedwanso. Pa kuvota anakweza dzanja limodzi ndi ena onse, ngakhale linali lomaliza kukwera. A Majidu sanavote.

6.3 Mayi Rute anakumbutsa kuti asilikali onyamula machila samenya nawo nkhondo, choncho sakwera udindo, ndipo ndi amene adani amayamba kuwalasa. Anafunsa kuti apereke asilikali awo ndani kuti abwerere pa mlatho paja. Wapampando anapereka wawo. Wachiwiri anasowa kwa kanthawi, mpaka a Comfort anati wawo apite, poti njira ya kumeneko akuidziwa.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Wapampando anati komiti ingathe kuimbiranso amayi aja mkati mwa sabata, mitima itazizira, ndipo ulendo uno alankhula okha popanda wowathandiza. A Majidu anathokoza nati komiti yalankhula mokwanira. Anati akwera basi pa Park Station Loweruka likudzali. Anati mawa akauza kapitawo, ndipo zida zawo zomangira asiyira mnzawo wogona naye chipinda chimodzi.

7.2 A Chikondwero anati adzabwera ndi njinga kudzathandiza katundu. A Majidu anati katundu wa zaka zisanu ndi ziwiri sakwera njinga, koma abwere ndithu.

7.3 Mayi Rute anafunsa ngati adzabwererenso. A Majidu anati sakudziwa. Anafunsanso chomwe akufuna kuti chichitike ndi msilikali wawo akakapezeka. A Majidu anavala chipewa nati: "Mumuike bwino. Koma musalengeze."

7.4 A Majidu anapempha kutuluka msonkhano usanathe chifukwa cha teksi. Anagwirana chanza ndi aliyense, ndi a Comfort omwe. Wapampando anawaperekeza mpaka pa msewu, ndipo anatenga nthawi kuti abwerere.

7.5 Si chizolowezi cha Mlembi kuika mtima wake m'zolembedwa, koma lero zamupweteka. Munthu anabwera kudzapempha kuti timuthandize kukhala, ife tamukwezetsa basi. Palibe ananama, palibe anatukwana, ndipo pa mfundo iliyonse tinatsata ndondomeko.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

8.1 Udzachitika Lamulungu, 15 Juni 2025, malo omwewa, 2 koloko masana. Mlembi anafunsa kuti a Majidu adzalembedwe pati, pa opepesa kapena achotsedwe m'kaundula wa mamembala. Wapampando anati pa opepesa, msonkhano uliwonse, mpaka eni ake atanena zina.

9. KUTSEKA

9.1 Mayi Rute anatseka ndi pemphero, napempherera a paulendo. Msonkhano unatha 4:25 madzulo.

Wapampando: ______________________
Elia Kachingwe

Mlembi: ______________________
Tisungane Lipenga